Mwayi wa fellowship pa malamulo a intaneti ndi zimene wofufuza wa ku Mangochi ayenera kudziwa

Mwana wa mlongo wanga, amene wangomaliza kumene maphunziro a zamalamulo ku Zomba, anabwera kuno ku Mangochi kudzationa, ndipo tsiku lina madzulo anandionetsa pa foni yake chilengezo cha bungwe lina la kunja limene linkaitana anthu ofuna kuchita kafukufuku pa malamulo okhudza intaneti ndi zipangizo zamakono. Atatha kuwerenga anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amalume, izi n'za anthu a ku Nairobi ndi ku Cape Town. Ife kuno tingafufuze chiyani choti anthu akunja n'kuchitchera khutu?" Funso limeneli landikhala mumtima, chifukwa ndikukhulupirira kuti ndi lokhota kuyambira patsinde pake, ndipo achinyamata ambiri ophunzira bwino amataya mwayi woterewu asanayese n'komwe chifukwa cha maganizo omwewa.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimatchedwa fellowship, popeza ambiri amachisokoneza ndi sikolashipu. Sikolashipu imalipirira munthu sukulu kuti akapeze digiri, ndipo pamapeto pake pamakhala mayeso ndi satifiketi. Fellowship ya kafukufuku si sukulu ndiponso si ntchito yokhazikika. Ndi mgwirizano wa nthawi yochepa, kawirikawiri kuyambira miyezi itatu kufika chaka chimodzi, nthawi zina zaka ziwiri, umene bungwe kapena yunivesite imapangana ndi munthu kuti afufuze funso limodzi limene iye mwini wasankha kapena limene bungwelo laika. Munthuyo amalandira ndalama ya mwezi ndi mwezi yodyera ndi kuyendera, amapatsidwa katswiri womuwongolera, amaloledwa kuwerenga mabuku ndi magazini a kafukufuku amene kuno ndi ovuta kuwapeza, ndipo pomaliza amayenera kupereka chinthu chogwirika, kaya ndi lipoti, nkhani yosindikizidwa m'magazini ya akatswiri, kapena chikalata chachifupi cholangiza boma ndi aphungu. Mabungwe ena amafuna kuti munthu asamuke n'kukakhala komwe iwo ali, pamene ena amamulola kukhala kwawo, kumakambirana ndi anzake pa intaneti n'kumapita kumsonkhano kamodzi kapena kawiri. Kwa munthu amene ali ndi banja kapena ntchito ku Mangochi, mtundu wachiwiriwu ndiwo wotheka. Tiyeneranso kunena poyera kuti si fellowship iliyonse imene ili ndi ndalama, chifukwa mayunivesite ena otchuka amapereka dzina, desiki ndi laibulale basi, n'kusiya munthu kuti adzipezere yekha chakudya ndi pogona m'mizinda yodula kwambiri.

Mawu awiri amene amapezeka m'zilengezo zoterezi ali ndi matanthauzo oyandikana koma osiyana. Malamulo a zipangizo zamakono ndi amene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa ndiponso mmene mabwalo a milandu amawatanthauzira, pa nkhani monga kusunga chinsinsi cha mbiri ya munthu, milandu yopalamulidwa pa intaneti, malonda ndi ndalama za pa foni, komanso umwini wa nyimbo ndi zolemba. Kayendetsedwe ka intaneti ndi nkhani yaikulu kuposa pamenepo, chifukwa imafunsa kuti amene amagamula ndani. Boma lili ndi gawo lake, koma pali zambiri zimene boma la Malawi silizigwira. Maina a maadiresi a pa intaneti amayendetsedwa ndi bungwe la ICANN, limene likulu lake lili ku Los Angeles. Lamulo loti uthenga wakuti ufufutidwe pa Facebook kapena akaunti yakuti itsekedwe pa WhatsApp limapangidwa ndi kampani ya Meta ku America, ngakhale uthengawo utalembedwa m'Chiyao ndi munthu wa ku Namwera. Kuyambira 2006 bungwe la United Nations lakhala likuchititsa msonkhano wa chaka ndi chaka wotchedwa Internet Governance Forum, kumene maboma, makampani ndi mabungwe omwe si aboma amakambirana zinthu zimenezi, ndipo zimene zimakambidwa kumeneko zimafika mpaka pa foni ya msodzi wa ku Msaka ngakhale iye sanapiteko.

Chifukwa chimene ndikunenera kuti Mmalawi ali ndi zofufuza zambiri chikuoneka tikayang'ana mmene malamulo athu abwerera. Malamulo oyendetsera dziko lino, amene analembedwa mu 1994, amateteza kale mu ndime 21 ufulu wa munthu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo makalata ndi zokambirana za pa foni. Mu 2016 panabwera malamulo awiri akuluakulu, la Communications Act limene limapatsa mphamvu bungwe la MACRA loyang'anira mafoni, wailesi ndi intaneti, ndi la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene linavomereza malonda ndi zikalata za pa intaneti n'kutchulanso milandu monga kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi kutumiza uthenga wonyoza. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, kutenga zithunzi ndi zidindo za zala zawo. Mu 2018 anthu analamulidwa kulembetsa masimu khadi awo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wofunsa ndi kulandira uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma lamulo lapadera loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, linabwera mu 2024, kutanthauza kuti kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri zidindo za zala za mtundu wonse zinkasungidwa pansi pa ndime zochepa chabe za lamulo lachiwiri lija la 2016. Lamulo latsopanoli linaika MACRA kukhala woyang'anira chitetezo cha mbiri ya anthu, ndipo pamenepa pali kale funso lofunika kulifufuza mosamala, loti bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa makampani a mafoni n'kumalandira ndalama kwa iwo lingathe bwanji kuwaweruza mosakondera pamene wogula wadandaula. Ku Kenya ntchito imeneyi anaipatsa ofesi yapayokha pansi pa lamulo lawo la 2019, ndipo ku South Africa kuli bungwe lakelake lotchedwa Information Regulator. Kuyerekeza njira zitatuzi ndi ntchito yokwanira fellowship yathunthu.

Komatu mbali imene wofufuza wa ku Mangochi amaposera wina aliyense si kuwerenga malamulo, chifukwa zimenezo angachite ngakhale munthu wokhala ku London. Mbali yake ndi kuona mmene lamulo limafikira pansi. Mmawa mwake ndinamutenga mwana wa mlongo wanga uja kupita kumsika, ndipo tinaima pafupi ndi kaokala ka ejenti wa ndalama za pa foni. Patebulo panali kope lalikulu lotsegula, lokhala ndi mizere yolembedwa ndi manja, dzina la munthu, nambala ya foni, ndalama imene watapa kapena kutumiza, ndi siginecha, moti aliyense woima pamzere ankatha kuwerenga za amene anabwera iye asanafike. Kenako panafika mayi wachikulire amene mwana wake wa ku Joni anali atamutumizira ndalama. Anamasula foni pa mfundo ya chitenje, anaipereka kwa ejenti uja n'kunena kuti, "Mwanawe, nditapire, maso angawa saona," ndipo anatchula nambala yake yachinsinsi mokweza, anthu onse akumva. Ejentiyo anali munthu wokhulupirika, anamuwerengera ndalama zake zonse m'manja ndi kumufotokozera imene yadulidwa. Palibe amene analakwira mnzake pamalopo, koma m'mphindi zitatu zokha munali mafunso a zamalamulo amene sindinaonepo atayankhidwa m'bwalo lililonse la kuno. Kodi mayi amene sangathe kuwerenga uthenga wa pa foni yake wavomerezadi, monga lamulo limafunira, kuti mbiri yake isungidwe? Kope lija ndi la yani, la ejenti kapena la kampani, ndipo likadzaza limapita kuti? Ngati mawa ndalama za mayiyo zitasowa, akadandaule kuti pakati pa kampani ya foni, MACRA, Reserve Bank of Malawi imene imayang'anira njira zotumizira ndalama, ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limateteza ogula?

Mafunso oterewa ali paliponse m'boma lino, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1 miliyoni. Chiphaso cha unzika chinasanduka khomo lolowera kubanki, kulembetsa simu khadi, kugula feteleza wotsika mtengo ndi kulembetsa m'kaundula wa zisankho, choncho n'kofunika kudziwa zimene zimachitikira munthu wa ku Makanjira amene chiphaso chake chinatayika kapena chinalembedwa dzina molakwika, ulendo wopita ku boma uli wautali ndi wodula. Malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi m'mbali monse mwa nyanja amajambula mapasipoti a alendo ochokera ku Ulaya, kumene lamulo loteteza mbiri ya munthu lotchedwa GDPR lakhala likugwira ntchito kuyambira 2018. Anthu ambiri kuno analandirapo uthenga wachinyengo wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo funso loti akubawo amazipeza bwanji nambala ndi maina a anthu silinayankhidwe mokwanira. Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya atsikana amene zithunzi zawo zachinsinsi zimafalitsidwa m'magulu a WhatsApp, chifukwa lamulo la 2016 limatchula milandu ina yoyandikana ndi imeneyi koma mtsikana wa kumudzi amaopa manyazi kuposa mmene wolakwayo amaopera apolisi. Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya chilankhulo, popeza mapangano amene munthu amavomereza podina batani amalembedwa m'Chingerezi, pamene anthu ambiri a kuno amalankhula Chiyao ndi Chichewa.

Asaganize wina kuti kafukufuku woterewu amathera m'mashelefu. Ku Kenya, pamene boma linayambitsa kaundula watsopano wa unzika wotchedwa Huduma Namba, mabungwe omenyera ufulu anapita kubwalo lalikulu atanyamula umboni wa akatswiri, ndipo mu 2020 bwalo linalamula kuti ntchitoyo isapitirire mpaka pakhale malamulo okwanira oteteza mbiri ya anthu. Mu 2021 bwalo linagamulanso kuti kuyamba kugawa makhadi popanda kuunika kaye chiopsezo chake kunali kosemphana ndi lamulo. Oweruza sangapeke umboni okha, ndipo aphungu athu akamakambirana lamulo latsopano amadalira zimene zili patebulo pawo. Ngati pa tebulopo palibe chilichonse chochokera ku Mangochi, lamulo lidzalembedwa poganizira munthu wa mumzinda amene ali ndi foni yamakono, magetsi ndi Chingerezi.

Mabungwe amene amapereka mwayi umenewu alipo m'magulu angapo, ndipo ndimalangiza kuyambira pafupi. Ku Kampala kuli bungwe la CIPESA limene limagwira ntchito pa ndondomeko za intaneti kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lakhala likutenga anthu a fellowship, ndipo chaka ndi chaka limachititsa msonkhano wokambirana za ufulu wa pa intaneti mu Africa. Ku Nigeria kuli Paradigm Initiative, imene imatulutsa lipoti lotchedwa Londa lofotokoza za ufulu wa pa intaneti m'maiko osiyanasiyana, ndipo yakhala ndi mafellowship a atolankhani ndi omenyera ufulu. Ku yunivesite ya Strathmore ku Nairobi kuli likulu la kafukufuku la CIPIT, ku Cape Town kuli Research ICT Africa, ndipo ku yunivesite ya Pretoria kuli Centre for Human Rights kumene maloya ambiri a mu Africa muno anasulidwa. Palinso sukulu ya masiku ochepa yophunzitsa za kayendetsedwe ka intaneti yotchedwa AfriSIG, imene inayamba mu 2013 mothandizidwa ndi bungwe la Association for Progressive Communications (APC), ndipo ngakhale si fellowship ya kafukufuku, ndi khomo labwino lodziwirana ndi anthu a ntchitoyi. Bungwe la ICANN nalonso limalipirira anthu ochokera m'maiko ngati lathu kuti akakhale nawo pa misonkhano yake. Kutsidya kwa nyanja kuli Berkman Klein Center ku Harvard, Information Society Project ku Yale, likulu la HIIG ku Berlin, komanso Mozilla Foundation. Kumeneko mpikisano ndi waukulu, ndipo amene amapambana nthawi zambiri amakhala atasonyeza kale ntchito yawo kwina. Zofunika, ndalama ndi masiku otsekera zimasintha chaka ndi chaka, choncho munthu aziwerenga chilengezo chenichenicho pa tsamba la bungwelo m'malo modalira uthenga wongotumizirana.

Sikuti mwayiwu ndi wa maloya okha. Mtolankhani, mphunzitsi wa makompyuta, wogwira ntchito m'bungwe la zachitukuko, kapena namwino amene waona mmene mbiri za odwala zimasungidwira m'makompyuta a chipatala, onsewa angathe kulembera, malinga ngati chilengezo sichinanene kuti chikufuna wa digiri ya udokotala wa maphunziro yekha. Chimene chimaweruza munthu ndi chikalata chofotokoza kafukufuku amene akufuna kuchita, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Amasankha mutu waukulu ngati nyanja, monga mavuto a nzeru za makina mu Africa, poganiza kuti ukulu wa mutu ndiwo usangalatse osankha. Osankhawo amakhala atawerenga kale makalata ambirimbiri ofanana ndi amenewo. Chimene chimawaimitsa ndi funso laling'ono lomveka bwino, monga lofuna kudziwa mmene maejenti a ndalama za pa foni m'misika itatu, wa pa boma, wa ku Namwera ndi wa ku Monkey Bay, amasungira ndi kutayira makope a makasitomala awo, ndi mmene zimenezo zikugwirizanira kapena kusemphanirana ndi lamulo la 2024. Funso loterolo limasonyeza kuti wolemba akudziwa malo, akudziwa lamulo, ndipo angathe kumaliza m'miyezi isanu ndi umodzi. Pambuyo pa funso payenera kubwera njira yake, ndiko kunena anthu amene adzafunsidwe ndi chiwerengero chawo, zikalata zimene zidzawerengedwe, ndalama zoyendera, ndi amene adzapindule ndi zotsatira zake. Malamulo ndi zigamulo zambiri za mabwalo athu zimapezeka mwaulere pa MalawiLII, moti kusowa laibulale si chifukwa chokwanira cholembera zinthu zongomva.

Mabungwe ambiri amafunanso chitsanzo cha zimene munthu analembapo ndi makalata a anthu awiri kapena atatu omuchitira umboni. Amene sanasindikizepo kanthu ayambe lero ndi nkhani imodzi yolongosoka ya m'nyuzipepala, chifukwa imeneyo imaposa CV yodzaza ndi maina a misonkhano. Aphunzitsi ochitira umboni afunsidwe kudakali milungu ingapo, atumiziridwe chikalata cha kafukufukuyo kuti alembe zokhudza ntchitoyo, osati mawu otamanda wamba. Pali tinthu tinanso timene timagwetsa anthu a kuno popanda chifukwa. Nthawi yotsekera imalembedwa kawirikawiri mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, ndipo nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri, koma ikalembedwa mu nthawi ya mzinda wina munthu ayenera kuiwerengera bwino. Tonse tikudziwa mmene magetsi ndi netiweki zimachitira kuno, choncho kutumiza tsiku lomaliza n'kudziika pa msampha, ndipo tsiku la mafunso a pa Zoom lifunika foni yodzaza moto, bandulo yokwanira ndi simu khadi yachiwiri. Pasipoti ikhale yokonzeka munthu asanasankhidwe.

Akasankhidwa, ntchito siyamba ndi kufunsa anthu. Kafukufuku wokhudza anthu m'dziko muno amafuna chilolezo chochokera ku makomiti oona za umunthu pa kafukufuku, amene ali pansi pa bungwe la National Commission for Science and Technology kapena m'mayunivesite ovomerezeka, ndipo chilolezocho chimatenga nthawi ndi ndalama zimene ziyenera kulowa mu bajeti kuyambira pachiyambi. Kenako pali ofesi ya bwanamkubwa, akuluakulu a msika, ndi mafumu, pakuti mlendo salowa m'mudzi ndi kope popanda kugwada kwa eni ake. Munthu wofunsidwa afotokozeredwe m'chilankhulo chake, ndipo akhale ndi ufulu wokana popanda kuopa kuti ataya thandizo lina lililonse. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti wofufuza za chinsinsi cha anthu asunge mawu amene wajambula pa foni yobwerekana ndi achibale, kapena alembe lipoti limene aliyense wa pamsika angazindikire kuti ejenti wotchulidwayo ndi wakuti, mpaka munthuyo kulandidwa bizinesi. Amene akufufuza nkhani zokhudza apolisi kapena kumangidwa kwa anthu chifukwa cha zolemba pa intaneti, zimene zachitikapo m'dziko muno pansi pa lamulo la 2016, afunse bungwe lomutuma kuti lidzamuthandiza motani ngati atakumana ndi vuto.

Pali zinthu zina zimene sindingazibise. Akathyali nawonso anaphunzira mawu oti fellowship, ndipo amatumiza makalata onena kuti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama yokonzera mapepala. Munthu amene sanalembere sangasankhidwe, ndipo bungwe lenileni silipempha ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Chinanso n'chakuti ndalama za ntchito imeneyi zimachokera kwambiri kunja, ndipo pamene boma la America linadula thandizo lake la kumaiko ena mu 2025, mabungwe ambiri omenyera ufulu anachepetsa ntchito zawo, kotero kuti fellowship siyenera kutengedwa ngati ntchito ya moyo wonse imene munthu angasiyire malipiro ake okhazikika mosaganiza. Kudalira ndalama zakunjaku kumabweretsanso vuto lina lobisika, loti mitu imene ili m'fasho kwa opereka ndalama imakankhira pambali mafunso amene akuvutadi anthu. Maganizo anga ndi akuti wofufuza angathe kugwiritsa ntchito mawu amene opereka ndalama amawamva, koma funso likhale lake. Asanasaine mgwirizano awerenge kuti lipotilo lidzakhala la yani, ngati dzina lake lidzaoneke, ndiponso ngati ali ndi ufulu wolimasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao n'kukalifotokoza pa wailesi za m'madera monga Dzimwe, chifukwa mayi wa foni ya pachitenje uja ali ndi ufulu womva zimene zinapezeka kuposa omvera a msonkhano wa ku hotela.

Mwana wa mlongo wanga uja sanatumize kalata yake ku bungwe limene linali pa foni tsiku lija, chifukwa masiku anali atatsala ochepa ndipo analibe chitsanzo cha zolemba zake. M'malo mwake anagula kope, ndipo kwa masiku atatu anayenda kuchokera kumsika mpaka ku mlatho wa Bakili Muluzi akuwerenga maokala a maejenti ndi kulemba mmene aliyense amasungira kope lake, popanda kulemba dzina la munthu. Usiku ankawerenga lamulo la 2024 ndime ndi ndime, akulemba mzere pansi pa mawu onse onena za chilolezo cha mwini mbiri. Pobwerera ku Zomba ananyamula masamba anayi a nkhani ya m'nyuzipepala ndi maina a aphunzitsi ake awiri oti akawapemphe makalata a umboni.